Khutu la Che Omari ndi Kabokosi Kotchipa

Ndikulemba za Che Omari Bilali chifukwa anthu a ku Senga Bay ayamba kale kuipotoza nkhani yawo. Ena akuti anawalodza amakaniko anzawo. Ena akuti galimoto ija inabwera ndi minyama kuchokera kwa mwini wake wakale. Ambiri mwa onena zimenezi ndinawaphunzitsa ndekha sayansi ku sekondale, ndipo ndikuona tsopano kuti choko changa chinangopita pachabe. Ine ndine Yesaya Kamphinda, mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo ndinali pampando wakutsogolo tsiku limene injini ija inafa. Panalibe ufiti. Panali kabokosi kakuda kochepa ngati sopo, mwamuna amene makutu ake anali kutha koma osafuna kuti zidziwike, ndi ine amene ndinkadziwa.

Che Omari anabadwira konkuno, m'banja la asodzi. Sukulu analekeza Sitandade 4, koma kumadrasa anapita patali, ndipo mpaka lero swala saphonya. Panyanja sanakhalitsepo. Ankanena okha kuti mafunde ankawasanzitsa, ndiye anapita ku Chipoka kukaphunzira kukonza injini za maboti. Atabwerako anaika mgolo wa madzi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo, ndipo galaja yawo inali imeneyo kwa zaka makumi atatu ndi zisanu. Ine ndinamanga moyandikana nawo mu 1996, chaka chimene uhedi wa pasukulu pathu anaupereka kwa munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha Fomu 2. Phokoso la mgolo uja linkandidzutsa m'mawa uliwonse. Ndinakadandaula kawiri kukomiti ya m'mudzi, osathandizidwa, ndipo pamapeto pake ndinangozolowera, n'kuyamba kupita komweko kukacheza.

Ntchito yawo ankaigwira ndi khutu. Msodzi akabwera ndi injini, ankaimangirira pamgolo, kuiliza, n'kuwerama mpaka tsaya kutsala pang'ono kukhudza chitsulo. Kenako ankatsinzina. Ndi sikuludiraiva ankapotokola pakabuleta pang'onopang'ono, kuchepetsa petulo, mpaka kulira kwa injini kukwere n'kuyera. Iwo ankati injini yayamba kuyimba. Ikayimba ankabweza pang'ono chabe n'kuizimitsa. Asodzi ankawakonda chifukwa injini yodutsa m'manja mwawo inkamwa pang'ono. Ankabwera kuchokera ku Lifuwu, ku Chikombe, ena ku Chipoka komwe anaphunzirako, ndipo dzina lawo lenileni linatsala pang'ono kuiwalika. "Pita nayo kwa Che Khutu," ankauzana choncho.

Mu 1998 ndinawauza kuti aziika thonje m'makutu. Ndinawajambulira papepala mmene khutu lilili m'kati, ndi mmene phokoso limaliwonongera.

"Aphunzitsi," anatero, "ndikatseka makutu ndizimva ndi chiyani, mphuno?"

Asodzi anayi amene anali pamenepo anaseka nawo. Mayina awo ndikuwakumbukira.

Chaka chatha mu Febuluwale akazi awo, mayi Rukiya, anandipeza ndili ndekha pakhonde masana. Anakhala pansi kumapeto kwa sitepe, osandiyang'ana.

"Aphunzitsi, anzanu aja sakumva."

"Sanamvepo chiyambire, mayi."

"Sindikucheza ayi. Foni imalira m'thumba mwawo iwo ali phee. Anapiye akalira samva. Chimene chikulowa ndi mawu akuluakulu okha. Injini masiku ano akuimvera ndi mano."

Ndinali nditaziona zimenezo osazindikira tanthauzo lake. Ankaluma chogwirira cha sikuludiraiva, nsonga n'kuigunditsa painjini, kuti azimva kunjenjemera m'chibwano. Asodzi ankayesa ndi luso latsopano.

"Musauze munthu, chonde," anapitiriza mayi Rukiya. "Asodzi akangodziwa, palibe abwere ndi injini. Eni ake akudziwa kuti ntchitoyi yatsala pang'ono kuwatha. N'chifukwa chake tagulitsa munda wanga wa mpunga ku Chinguluwe, uja anandisiyira amayi. Akufuna agule galimoto azitengera chambo chachiwisi ku Lilongwe. Akuti chiwongolero sichifuna khutu."

Ndinalonjeza kusunga pakamwa. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti galimotoyo sinali ya matama. Munda unali utapita, makutu anali kupita, ndipo chakudya cha nyumba ija m'ukalamba wawo chinali m'galimoto imeneyo basi.

Anagula siteshoni wagoni yakale ya ku Japan, ya injini ya tebo, imene inali itadutsa kale m'manja mwa anthu atatu. Tebo ndi chipangizo chopopera mpweya wambiri muinjini kuti ikhale ndi mphamvu. Tebo yoyambirira itafa, mwini wake wachitatu anaikamo ina yokulirapo yochotsa m'galimoto ina, osanena pogulitsa. Pamsewu wosalala zonse zinali bwino. Koma ikalemedwa n'kuyamba kukwera zitunda za ku Mvera, tebo ija inkapopa mpweya woposa umene kompyuta ya galimoto inkayembekeza, kompyuta n'kudula petulo mwadzidzidzi. Galimoto inkagwedezeka ngati yagunda ng'ombe. Che Omari ankakwera phiri lonse mokwawa, ayezi n'kumasungunuka kumbuyo, n'kukafika ogula abwino atatenga kale nsomba za ena. Tebo ya muyezo wake anaifuna miyezi iwiri osaipeza.

Ndiye wina anawauza za Limbani, bambo wachinyamata wogulitsa zamagetsi a galimoto m'kontena ku Biwi, ku Lilongwe. Anandipempha ndiwaperekeze kuti ndikawawerengere mapepala a Chingerezi.

"Madala, chimene mukufuna ndi pigibaki," anatero Limbani. "Ndi kabokosi koberekedwa pamsana pa kompyuta ya galimoto. Panopa sensa ikuuza kompyuta kuti mpweya wachuluka, kompyuta n'kuchita mantha, n'kudula mafuta. Kabokosi kamakhala pakati, n'kumaiuza kompyuta kuti mpweya ndi wochepa. Basi, sidulanso."

"Ndiye ndi mboni yonama," anatero Che Omari.

"Yonama koma yothandiza, madala."

Anatulutsa timabokosi titatu. Koyamba kanali kotchipa, kakuda, kokhala ndi tizitsulo tinayi topotokola ndi sikuludiraiva. Kachiwiri kanali ndi sensa yoika paekizozi ndi geji yoika kutsogolo kwa dalaivala, yoonetsa ngati petulo wachepa poyerekeza ndi mpweya. Kachitatu kanali kodula kwambiri, kotchuna ndi laputopu, kotha kudzimvera kokha injini ikayamba kugogoda. Kachitatuko sitinakayang'ane kawiri. Nkhani inali pakati pa koyamba ndi kachiwiri, ndipo kachiwiriko akanakwanitsa kukagula akanangodikira mwezi umodzi.

Ndinawerenga pepala la kotchipa kaja. Chingerezi chake chinali chonyansa, cha munthu woyenera kubwereza Fomu 1, koma chenjezo linali lomveka. Kompyuta ikanamizidwa kuti mpweya ndi wochepa, imachepetsa petulo ndi kufulumizitsa moto wa pulagi. Petulo akachepa tebo ikupopa mwamphamvu, m'kati mumatentha mopitirira, injini imayamba kugogoda, kenako pisitoni imasungunuka. Pamapeto analemba m'zilembo zikuluzikulu kuti osatchuna popanda geji. Ndinawamasulira zonse, liwu ndi liwu, mokweza.

"Tengani ka geji aka, Che Omari."

"Geji yanga ili apa," anatero, atagwira khutu lakumanja. Amakaniko awiri amene ankadya chinangwa pakhomo la kontena anatembenuka kudzamvetsera.

"Komatu madala," anatero Limbani, "kugogoda kwa injini ya tebo ndi kamawu kakang'ono, kosongoka, ngati timiyala m'chitini. Mukangokamva, chotsani phazi."

"Iwe, ine ndinayamba kumvera injini amayi ako asanathe msinkhu."

Onse anaseka, Limbani n'kuyamba kukulunga kabokosi kakuda m'nyuzipepala. Ndimamuimba mlandu munthu ameneyu. Anadziwa kuopsa kwake, anachenjeza kamodzi kuti atsuke m'manja, n'kugulitsa. Koma iye sankadziwa chimene ine ndinkadziwa, kuti mawu osongoka ndi amene anayamba kuchoka m'makutu a Che Omari. Mawu atatu okha akanakwana. Ndinayang'ana amakaniko aja, ndinakumbukira mayi Rukiya pasitepe, n'kukhala chete.

Sikuti Che Omari anakana geji chifukwa cha mtengo wokha. Ndinazimvetsa tili m'minibasi pobwerera. Geji yowala kutsogolo kwa Che Khutu, aliyense wokwera akuiona, ikanakhala ngati alengeza pamsika kuti khutu latha ntchito. Ndinayesa kuyandikira nkhaniyo mozungulira.

"Makutu amakalamba, Che Omari."

"Anu kapena anga?" anatero, akuyang'ana pawindo.

Kabokosi anakalumikiza okha mu Julayi. Ndivomere, ntchito inali yaukhondo, waya aliyense wowotcherera bwino, wokulungidwa, womangidwa pamalo pake. Omaliza sukulu zaumisiri ambiri sangafikepo. Cholakwika chinali kutchuna. Anatchuna monga ankatchunira injini za maboti. M'mawa, mphepo ya mwera ikuzizira, galimoto ilibe katundu, ankathamanga pamsewu wosalala wa ku Salima, kuima, kupotokola katsulo, kuthamanganso. Anapotokola mpaka kompyuta inaleka kudula petulo. Pamenepo akanalekeza. Koma dzanja la zaka makumi atatu ndi zisanu silinalole. Anapitiriza kuchepetsa petulo mpaka injini inayimba.

Injini ya boti imakhala mwendo uli m'madzi ozizira a m'nyanja, ndipo palibe chopopera mpweya m'kati mwake. Ukaichepetsera petulo mopitirira imatsokomola, imafooka, imakuuza. Ya tebo siuza. Imakoka bwino kwambiri pamene yatsala pang'ono kupsa. Ndinawafotokozera zimenezi pansi pa mango, ndipo anandiyankha kuti injini ndi injini.

Ogasiti ndi Seputembala zinayenda. Kunali kusanatenthe kwenikweni, chambo chinkapezeka chochepa, katundu anali wopepuka. Galimoto inkakwera ku Mvera mosavuta, petulo inkamwa pang'ono, ndipo ankafika ku Lilongwe ayezi adakali wolimba. Mayi Rukiya anandibweretsera nsomba ziwiri zikuluzikulu, akuti zothokozera ulendo wa ku Biwi. Tsiku lina ndinawapeza Che Omari atamasula mapulagi. Nsonga zake zinali zoyera ngati choko. Ndinawauza kuti pulagi ya injini yokhuta imakhala yofiirira, yoyera ndi ya injini yakumva ludzu.

"Yoyera ndi yaukhondo, Aphunzitsi. Alhamdulillah."

Linali Lachiwiri, sabata yachitatu ya Okutobala. Maboti anachedwa kubwera koma anabwera odzaza, ndipo Che Omari analongedza mabokosi asanu ndi limodzi, kuposa tsiku lina lililonse. Tinanyamuka cha m'ma 10 koloko, phula likunyezimira kale. Ine ndinakwera nawo chifukwa ndinkapita kukayezetsa maso. Titadutsa Salima mpweya wolowa pawindo unali ngati wa mu uvuni wa njerwa.

Pachitunda choyamba chachitali tinapeza lole ya feteleza ikukwawa. Pofuna kuipitirira, Che Omari anabweza giya n'kuponda moto mpaka pansi, osachotsa phazi. Pamenepo ndinakamva. Timiyala m'chitini, ndendende mmene ananenera Limbani, kamawu kosongoka kochokera pansi pa boneti.

"Che Omari, ikugogoda."

"Ati?"

"Ikugogoda! Chotsani phazi!"

Anatembenuka n'kuyang'ana pakamwa panga, osati m'maso. Ndipo ndinazindikira kuti kwa miyezi yambiri munthu uyu wakhala akuwerenga milomo yanga. Anachotsa phazi chifukwa tinali titafika pamwamba pa chitunda, osati chifukwa cha ine.

"Ikuyimba imeneyi," anatero. "Inu khalani phee, Aphunzitsi, mundisokoneza. Mabuku onse aja munawerenga, uhedi anakapatsa mwana wanu wa Fomu 2. Lero mukufuna muphunzitse ine injini?"

M'zaka zonse zimene takhala moyandikana anali asanatchulepo nkhani imeneyo. Ankadziwa pamene pali bala. Ndinapinda manja.

Chitunda chachiwiri chinali chachitali kuposa choyamba. Anapondanso mpaka pansi. Timiyala tija tinabwerera, tochuluka, tofulumira. Ndinatimva bwinobwino. Ndikanatha kuwagwira bondo. Ndikanatha kukuwa, kapena kutembenuza kiyi. Ndinakhala chopinda manja, mumtima ndikuti aone yekha. Sindikudziwa ngati zinakwana mphindi ziwiri. Kenako injini inagunda kamodzi, mphamvu zonse zinachoka, ndipo utsi wabuluu unadzaza msewu kumbuyo kwathu. Tinatsetserekera m'mbali, pafupi ndi pamene amayi amagulitsira tomato.

Anthu anasonkhana monga amachitira. Minibasi yochokera ku Salima inaima, ndipo mwa otsikamo munali Che Nasir, mwini maboti atatu wa kwathu, amene injini zake zonse zinkakonzedwa pamgolo uja. Che Omari anamasula mapulagi chitsulo chidakali chotentha. Yachitatu inatuluka itamatidwa timadontho ta chitsulo chosungunuka. Anaunika ndi foni m'bowo la pulagi, n'kukhala chowerama nthawi yaitali. Pisitoni inali itabooka pakati.

"Inna lillahi," anatero Che Nasir. "Koma Che Khutu, injini imafika pamenepa osanena? Simunaimve?"

Che Omari anaweramuka. Nkhope yawo inali yotuwa. Anayang'ana Che Nasir, anayang'ana anthu, kenako analoza ine.

"Ndikanaimva bwanji? Aphunzitsi awa amangondisokosa njira yonse."

Ndine munthu wokwiya msanga, ndipo sindinabisepo zimenezo. Koma zimene zinatuluka pakamwa panga pamenepo sindingazibweze.

"Bodza! Ndinakuuzani kuti ikugogoda! Munthu uyu samva, anthu inu! Ndi wogontha! Injini zanu akuzimvera ndi mano! Kafunseni akazi awo!"

Mayi wina wa tomato anagwira pakamwa. Che Omari anabwerera kuinjini ngati palibe chanenedwa, mwina chifukwa sanamve zonse, mwina chifukwa anamva. Che Nasir anatulutsa makiyi m'thumba, anapita kumbuyo kwa Che Omari, n'kuwagwedeza pafupi ndi khosi lawo. Makiyi analira. Aliyense pamalopo anawamva. Che Omari sanatembenuke.

Che Nasir anabweza makiyi m'thumba n'kukakwera minibasi ija.

Pofika 2 koloko ayezi anali atasanduka madzi ofunda. Nsomba zina anthu a pamenepo anatenga pamtengo wongoseka, zotsala tinakataya kudzenje tsiku lotsatira. Galimoto inabwerera ku Senga Bay pamsana pa lole. Makaniko wa ku Salima atatsegula injini anapeza kuti si pisitoni yokha, khoma la silinda linali litakandika kosakonzeka, ndipo zidutswa zinali zitadutsa m'tebo. Pankafunika injini ina yathunthu. Munda wina wogulitsa panalibe.

Nkhani inafika kunyumba ife tisanafike. Sabata yomweyo Che Nasir anatumiza anthu kudzatenga injini yake imene inali pamgolo, isanakonzedwe. Ena anatsatira. Awa ndi anthu amene kwa zaka makumi atatu ndi zisanu anapulumutsa petulo wawo ndi makutu a munthu ameneyu, ndipo makutuwo anathera pa injini zawo zomwezo. Palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzapepesa. Injini zimene anakonza ndi mano chaka chonse chija zikuyendabe panyanja mpaka lero, koma zimenezo palibe akuzinena. Akuti ufiti, chifukwa ufiti ulibe dzina la munthu woti achite manyazi.

Patha chaka tsopano. Che Omari amasoka maukonde a anthu ena. Ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, koma mukawaona mungati ndi nkhalamba inzanga yobadwa nayo. Mgolo anaugulitsa kwa mayi wophika thobwa. Galimoto ili pansi pa mango, matayala anaphwa, ndipo nkhuku zimaikira pampando umene ndinakhalapo. Nyengo yodzala mpunga mayi Rukiya anapita ku Chinguluwe kukagwira ganyu, ndipo ndamva kuti tsiku lina anawatuma m'munda womwe uja unali wa amayi awo.

Mayi Rukiya sandipatsa moni. Tikakumana pamjigo amayang'ana chidebe. Ali ndi chifukwa. Anandipempha chinthu chimodzi, ndipo ndinachisunga pamene kuchiulula kukanapulumutsa galimoto, n'kuchiulula pamene kunalibenso chopulumutsa.

Che Omari amandipatsa moni. Lachisanu lililonse akamachokera kumzikiti amakweza dzanja podutsa pakhonde panga. Mu Disembala anaima, anatulutsa kabokosi kakuda m'thumba la mkanjo, mawaya ake atawapinda bwinobwino, n'kukaika patebulo panga.

"Sungani, Aphunzitsi. Inu mumadziwa kuwerenga."

Sindinadziwe ngati akunditukwana kapena ayi, ndipo sindinafunse, chifukwa kuti amve ndikanayenera kukuwa msewu wonse ukumva. Kabokosiko kali m'dirowa, pamodzi ndi pepala lake la Chingerezi chonyansa chija. M'mawa masiku ano kuseri kwa nyumba yawo kumakhala chete, monga ndinapempha kale kukomiti ya m'mudzi. Ndimadzukabe nthawi yomwe ija.